Inu otsitsa galimoto pansi pa mtengo wa mango, mwatitopetsa

Loweruka lapitali kwathu kuno ku Salima mwana wa sukulu wathyoka chibwano chifukwa cha mkulu wake. Sikuti anamenyana ayi. Mkuluyo anali kusintha masipuling'i a Toyota Vitz yake kuti galimotoyo itsike ngati za m'mavidiyo, ndiye anaitana mng'ono wakeyo kuti amugwirire shoka iye akumasula nati yapamwamba. Sipuling'iyo anaimanga ndi chiyani? Waya wa mpanda ndi malegeni a njinga. Natiyo itatsala pang'ono kuchoka, wayayo anaduka. Ife a nyumba zoyandikana tinangomva kuphulika, kenako kulira kwa mayi wawo. Pofika ife mwana ali gone pamchenga, magazi ali chuchuchu m'kamwa, chitsulo chapamwamba pa shoka chija chitakaboola lata la khitchini. Lero lino mwanayo akumwa phala lamadzimadzi basi, kutafuna sangathe.

Ndakhala ndikungoyang'ana khalidwe limeneli, koma tsopano zakwana. Ana inu, mwalowedwa chiyani?

Tikudziwa kumene mwazitenga. Lachisanu lililonse anzanu a ku Lilongwe amatsika ndi msewu wa M14 kupita ku Senga Bay, ali m'ma Mark X, ma Altezza ndi ma Subaru okwawa pansi, nyimbo zili gugugu, inu muli pa Kamuzu Road kukamwa kuli yasa. Lolemba mwayamba kale kufunsa pa WhatsApp amene akubwera kuchokera ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg kuti akugulireni masipuling'i aafupi. Ndalama ya masipuling'i mwaipeza. Ya marimu onyezimira mwaipeza. Ya masipika mubuti mwaipeza. Koma ikafika nthawi yolipira mmisiri woti aziike bwino, basi mwasauka pomwepo. Akuti makaniko ndi akuba, akuti ndionera pa YouTube. Munthu wa pa YouTube uja mwamuonera bwino? Simunaone kuti ali pa simenti, galimoto yake yakhala pa masitandi achitsulo, chokanikizira sipuling'i chili m'manja, maso atavala magalasi? Inu mwatengapo chiyani pa zonsezi? Sipanala yobwereka ndi mtima wodzikuza.

Galimoto yaing'ono ngati Vitz imalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo kulemera kwambiri kuli kutsogolo kumene kuli injini. Sipuling'i imodzi yakutsogolo imasenza katundu wonga matumba asanu kapena asanu ndi limodzi a chimanga a makilogalamu 50. Ngakhale mutaichotsa shokayo pagalimoto, sipuling'i imakhala idakali yopanikizika, ndipo choigwira ndi kanati kamodzi kapamwamba kaja. Ndiye inu mukuti malegeni omangira nkhuku pa keliyala aigwira? Mukuti bondo lanu liigwira? Ena akuti amaiponda ndi phazi, ena amaitsamiritsa pakhoma, ena amauza mnzawo kuti akhalepo. Akhalepo! Chitsulo chimenecho chikalumpha chimathyola chigaza, chimatulutsa diso, chimapha. Ndipo kawirikawiri wovulala si mwini nzeru zopusazo, ndi amene waitanidwa kudzagwirira.

Za jeke ndiye nditope nazo. Kajeke kamubuti anakapangira kusinthira tayala m'mbali mwa msewu, osati kuti munthu alowetse mutu ndi chifuwa pansi pa galimoto. Dothi lathu kuno mukulidziwa, ndi mchenga wokhawokha, jeke imangomira pang'onopang'ono inu muli kalikiliki kukoka bawuti. Wina amati wachenjera, wasanja njerwa zowotcha. Njerwa! Wina chitsa cha mtengo, wina mwala, wina tayala lakutha. Mukamagwedeza galimoto pokoka bawuti yadzimbiri ndi paipi, mukuganiza kuti njerwazo zikupiririra mpaka liti? Galimoto ikakugwerani Loweruka masana anthu ali kumsika, adzainyamula ndani? Mayi anu?

Komatu amenewa ndi aja amene ayesako kugula masipuling'i enieni otsitsira. Pali ena oposa apa. Ndalama ya masipuling'i alibe, ndiye amangotenga gulayinda n'kudula mazinga awiri pa sipuling'i yomwe inabwera ndi galimoto. Ena amapita kwa owotcherera kuti aitenthe ndi moto wa gasi mpaka ifiire, galimoto ikhale pansi yokha. Mitu yanu ikuyenda bwino? Sipuling'i yodulidwa sikhalanso bwino pa mpando wake. Tayala likagwera m'dzenje imasuntha, nthawi zina imatulukiratu, n'kukang'amba tayala kapena paipi ya buleki. Yotenthedwa ndiye yaferatu, chitsulo chake chafooka, mbali ina imatsika kuposa inzake, ndipo tsiku lina imangoti thyo muli pa liwiro. Inunso owotcherera amene mumavomera ntchito yotereyi chifukwa cha kandalama ka ndiwo, musamadziyese osalakwa. Mukudziwa bwino lomwe zimene moto umachita pa chitsulo chotere. Bwanji simuwabweza anawa?

Ndiye tinene kuti mwapulumuka, masipuling'i alowa, palibe wavulala, mwajambula chithunzi mwaika pa Facebook, anzanu akukutamani. Mukuganiza kuti ntchito yatha? Galimoto ikatsika, matayala saimanso momwe anaimira. Amapendekera m'kati, amasiya kuloza mofanana. Alayimenti mwapangitsa kuti? Kapena mwangoyang'ana ndi maso n'kunena kuti zili bwino? Pakangopita miyezi yochepa matayala akutsogolo adyeka m'kati mpaka waya kuonekera, kunja akuoneka atsopano, inu osadziwa kanthu, mpaka tsiku lophulika. Mashoka akale aja, amene anayenda kale zaka ku Japan asanakwere sitima, mwawaika pa masipuling'i aafupi ndi olimba kuposa akale. Akhalitsa? Amayamba kudontha oyilo, galimoto n'kumangodumphadumpha, tayala osagwira bwino phula. Mabawuti a mabushi, timalabala tija ta m'malo olumikizira zitsulo za kumatayala, amamangidwa galimoto itatsitsidwa, itakhala pa matayala ake. Inu mwamanga ili m'mwamba, mabushi apotoka, mwezi wamawa ang'ambika. Kapaipi ka buleki mwakabwezera pa kachitsulo kake? Waya wa ABS, uja wothandiza kuti matayala asakwakwalale pogwira buleki, simunamukoke mpaka kuduka? Mabawuti akuluakulu awiri ogwira shoka kumunsi mwawamanga ndi sipanala yoyezera mphamvu, kapena mwangolumphira pa paipi mpaka mwatopa? Magetsi akutsogolo akuloza kuti tsopano?

Galimoto yotereyi ndi imene mukutsika nayo mapiri a ku Mvera usiku, m'makhotakhota muja, mutanyamula ana a eni.

Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya msatsi msemere imufotere yekha. Ine pa nkhani iyi sindingavomere zimenezo, chifukwa nyanga imeneyi sifotera iye yekha. Pamsewu pali wakabaza amene wanyamula mayi ndi mwana kumbuyo. Pali ana ochokera kusukulu. Pali amayi ogulitsa nsomba ndi mango m'mbali mwa phula. Anakulakwirani chiyani amenewa?

Ndipo ngakhale ntchito itagwiridwa bwino chotani, kodi mwaiyang'ana misewu imene mukuyendamo? Galimoto zazing'ono zochokera ku Japan zimabwera kale zotsika, pakati pa mimba yake ndi nthaka pamangokhala masentimita 14 kapena 15. Masipuling'i otsitsira amachotsapo ena atatu kapena anayi. Odula ndi gulayinda ndiye sayeza n'komwe. Kenako mukweze anthu asanu, mubuti muike thumba la mpunga wa ku Lifuwu. Chatsala n'chiyani? M5 wopita ku Nkhotakota tonse timamudziwa, makamaka mvula ikayamba mu Disembala, maenje akadzaza madzi osadziwika kuya kwake, mlatho ukaonongeka magalimoto n'kumadutsa m'njira zapambali zadothi. Mahampu a m'malo ochitira malonda, njira zamchenga zotsikira kunyanja, misewu yopita kumidzi kwa agogo anu. Sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini lija, ikamenya mwala n'kubooka, oyilo amatha inu musanazindikire, injini n'kunoka pomwepo pakati pa Khombedza ndi Benga, dzuwa lili pamutu. Ekizozi mwasiya pahampu, bampala mwamanga ndi waya. Ndiye kukongolako kuli pati?

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi kadutsidwe kanu ka pahampu. Poopa kukhula pansi mumapingasa galimoto, kuchoka kumanzere mpaka kumanja kwa msewu, kutsekereza aliyense, njinga zamoto zikubwera kutsogolo, lole ili kumbuyo ikuliza hutala. Msewu ndi wa bambo anu? Taonani oyendetsa ma Sienta amene amadyera pamsewu womwewu tsiku ndi tsiku, kupita ku Nkhotakota n'kubwerera. Munaonapo mmodzi atatsitsa galimoto yake? Iwowo ndi opusa, ochenjera ndinu?

Ndipo tsiku limene mlongo wanu adzayambe kumva kupweteka kwa pakati usiku, kumudzi, msewu uli matope, galimoto yokhayo pabanja ndi yanuyo, mudzawauza chiyani akuluakulu? Kuti singafike chifukwa ndi yotsika? Pamaliro, pofunika kunyamula azakhali okalamba, mudzati atsike ayende wapansi pa kamlatho? Galimoto pabanja kuno kwathu si chidole cha munthu mmodzi.

Mumati mukupulumutsa ndalama. Ndalama ziti? Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chipangizo chilichonse cha galimoto chinakwera mtengo, ndipo inu mukudziwa kuposa ine. Tafunsani mtengo wa matayala awiri atsopano. Tafunsani mtengo wa mashoka anayi, kapena wa injini ya kaunjika. Muyerekeze ndi malipiro a makaniko a tsiku limodzi. Nanga COF, chikalata chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikatha, mukapita nayo kwa a Road Traffic galimoto ili ndi masipuling'i odulidwa, mashoka akudontha, matayala atadyeka mbali imodzi, mukayembekezera chiyani? Kapena mwakonzeka kale kufunafuna njira zachidule, kuwonjezera mlandu pa mlandu? Mukagunda munthu, apolisi ndi a inshuwalansi akasuzumira pansi pa galimotoyo, mudzayankha kuti chiyani?

Sindikuletsa munthu kukonda galimoto yake. Sinthani oyilo nokha, sinthani mapulagi, tsukani, pukutani mpaka iwale, palibe amene adzakunenani. Koma ngati mtima wanu wakakamira kuti itsike basi, gulani masipuling'i opangidwira mtundu wa galimoto yanuyo, onse anayi, kwa opanga odziwika monga Eibach, H&R kapena Tein, osati ongotola pamulu kumsika chifukwa akuoneka aafupi. Mashoka ngati atopa, asintheni nthawi yomweyo. Ndipo ipititseni ku galaja yeniyeni. Sindikunena aliyense wovala ovolosi yakuda ndi oyilo. Mukafika, funsani kuti akuonetseni chokanikizira sipuling'i ndi masitandi. Akayamba kuseka n'kunena kuti ife timangogwiritsa ntchito waya, lizani galimoto muzipita. Amisiri ophunzira alipo, ena anadutsa m'masukulu a ntchito zamanja ndipo ali ndi mapepala a TEVETA, zida ali nazo. Akamaliza, pitani pa makina a alayimenti musanayambe ulendo wautali uliwonse. Mukapanda kukhutira ndi a kuno, Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 okha. Kokasangalala mumafikako sabata iliyonse, ndiye kokakonzetsa galimoto kukutalikireni?

Inunso makolo ndi akuluakulu anzanga, tasiya udindo wathu. Mwana akugwetsa galimoto pabwalo panu, tiana tikusewera pomwepo, inu mwakhala pakhonde mukungoti ana a masiku ano samva. Mwayesa kumuuza? Bwalolo ndi lanu. Muuzeni achotse galimoto yakeyo akakonzere kumene kuli zida. Akakwiya, akwiye. Inu amayi a kunyumba, bambo akakuuzani kuti tagwirani apa ndimasule, kanani, ndipo ana muwalowetse m'nyumba. Inu anzake amene mumaima mozungulira, foni m'manja mukujambula, mukumuchemerera kuti ndiwe dolo, mulinso momwemo.

Ndipo inu eni akenu, amene pano mukuwerenga izi masipuling'i ali kale pansi pa bedi mukudikira Loweruka likubwerali, kabwezeni sipanala yobwerekayo kwa mwini wake. Ndalama ya mmisiri ngati mulibe, galimotoyo isiyeni momwe inabwerera. Simukuchita manyazi?