Chikho cha mu Julayi chisatipusitse

Anzanga okonda mpira, makamaka inu osapota Manchester United ngati ine, ndili ndi mawu pa masewero amene matimu akuluakulu a ku Ulaya amakasewera ku America ndi ku Asia ligi isanayambe. Kwawoko imakhala nyengo yotentha, kuno ndi Julayi, kuzizira kuli pachimake, koma timadzuka 2 koloko usiku titafunda bulangete kuti tione timu yathu. Kukacha, mkangano uli m'minibasi ndi m'magulu a WhatsApp, ati chaka chino ligi ndi yathu. Ine mtima umandipweteka ndikamva zimenezi, chifukwa ndinapsapo kale.

Munali mu 2014. Kochi Louis van Gaal anali atangofika kumene, titatuluka m'chaka chowawa cha kochi David Moyes. Timu inapita ku America kukasewera International Champions Cup, mpikisano umene unayamba mu 2013 ndipo unkayendetsedwa ndi kampani ya Relevent Sports. Tinayamba ndi kuswa LA Galaxy 7-0 m'masewero apaubale, kenako mumpikisanomo tinagonjetsa Roma, tinapambana Inter pa mapenate, ndipo pa 2 Ogasiti tinathidzimula Real Madrid 3-1 ku Michigan Stadium, anthu 109,318 akuonerera. Ashley Young anamwetsa ziwiri tsiku limenelo. Mu fainolo ku Miami tinagonjetsa Liverpool 3-1 n'kunyamula chikho. Ndinayenda chifuwa chili patsogolo sabata yonse, ndikuuza aliyense kuti United yabwerera.

Masewero oyamba a ligi, pakhomo pa Old Trafford, Swansea inatichinya 2-1. Patangotha masiku 10, MK Dons, timu ya mu ligi yachitatu, inatikwapula 4-0 mu League Cup. Mu 2022 zinabwerezanso: kochi Erik ten Hag anagonjetsa Liverpool 4-0 ku Bangkok, ligi itayamba Brighton inatipha 2-1 ndipo Brentford inatithira zigoli 4 chigawo choyamba chokha. Mu 2025 tinatenga Premier League Summer Series ku America, momwe munali Everton, West Ham ndi Bournemouth, koma mwezi wa Ogasiti usanathe Grimsby Town ya mu ligi yachinayi inatitulutsa mu League Cup pa mapenate. Katatu konse nkhani imodzimodzi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. M'masewero amenewa kochi amatha kusintha timu yonse pa hafu. Osewera amene anali ndi matimu a mayiko awo amakhala ali kutchuthi kapena angofika kumene, miyendo ikadali yolemera. Timu ina yayamba zokonzekera milungu itatu yapitayo, inzake masiku asanu okha. Wotchinga kumbuyo salowa mpira ndi mtima wonse, ndipo palibe amene amachotsedwa ntchito chifukwa chogonja ku Denver. Ndiye zigoli zake tingaziwerengere bwanji?

Koma zogonja kapena kupambana si zimene zimandiwawa kwenikweni. Chimene chimandiwawa ndi miyendo ya anyamata. Kobbie Mainoo anali atangoyamba kuwala mu Julayi 2023, mwana wa zaka 18 amene tonse tinkamuyembekezera. Anavulala m'kakolo mphindi zoyambirira posewera ndi Real Madrid ku Houston, ndipo tinadzamuona akuyamba masewero a ligi mu Novembala. Chaka chotsatira Leny Yoro, wangogulidwa kumene kuchokera ku Lille, anathyoka fupa la phazi posewera ndi Arsenal ku SoFi Stadium ku Los Angeles, n'kukhala panja mpaka Disembala. M'masewero omwewo Rasmus Højlund anamwetsa chigoli kenako n'kutuluka atavulala. Anzathu a Chelsea akukumbukira Christopher Nkunku, amene anavulala bondo ku Chicago posewera ndi Borussia Dortmund mu 2023 asanagunde ndi mpira umodzi womwe mu Premier League. Inde, munthu atha kuvulala ngakhale pa tirening'i pakhomo, zimenezo sindikana. Koma ambiri mwa mabwalo a ku America aja ndi a mpira wawo wogwira ndi manja, ena kapinga amachita kuyala pamwamba kwatsala masiku ochepa, ndipo pakati pa masewero anyamata amakhala m'ndege maola ambiri, kutsika m'dzuwa loswa mtengo, kukajambulitsa zithunzi ndi makampani, kusaina majezi. Van Gaal mwiniwake, ngakhale anatenga chikho chija, anadandaula poyera kuti maulendowo anali ambiri ndipo ankasokoneza zokonzekera.

Pano afika poti ngakhale ligi ikatha sapumitsa osewera. Mu Meyi 2025, United itagonja kwa Tottenham mu fainolo ya Europa League ku Bilbao ndi kumaliza ligi pa nambala 15, anyamata anakwezedwa ndege kupita ku Kuala Lumpur. Patangotha masiku atatu chisewerereni masewero omaliza a ligi, anagonja 1-0 kwa ASEAN All-Stars, timu ya osewera osankhidwa a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, anthu n'kuwakuwiza. Kodi pamenepo ankakonzekera chiyani? Ligi inali itatha. Ulendo umenewo unali wokatolera ndalama basi, ndipo ndinawamvera chisoni anyamata aja poona nkhope zawo.

Wina anena kuti masapota a kutali nawonso ayenera kuona timu yawo maso ndi maso. Zoona, ndipo pamenepa ndikugwirizana naye ndi mtima wonse. Bambo wa ku Atlanta kapena ku Hong Kong amene wasapota timu zaka 20 pa TV ali ndi ufulu wopita ndi mwana wake kukaona Bruno Fernandes. Koma ngati nkhani ndi chikondi cha masapota, nanga ife? Muone mmene video show imadzazira ku Ndirande kapena ku Kawale United ikamasewera ndi Arsenal, muone majezi ofiira m'misika ya Lusaka ndi Harare. Kale ankabwerako kuno ku Africa. United inasewera ndi Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates mu Vodacom Challenge mu 2006 ndi 2008, inabweranso mu 2012 kudzasewera ndi AmaZulu ku Durban ndi Ajax Cape Town. Everton inafika ku Dar es Salaam mu 2017 kudzakumana ndi Gor Mahia, Wayne Rooney n'kumwetsa chigoli cha patali. Masiku ano ndege zimaloza kumene tikiti imagulidwa ndi madola ambiri, ife atisiyira tulo todukizadukiza ndi ndalama ya bandulo.

Ndiye ine chaka chino ndaganiza. Julayi akafika, Loweruka masana ndizikhala pa Kamuzu Stadium, kumene Bullets kapena Wanderers ikulimbirana mapointi enieni. United ikakasewera ku America sindidzuka usiku, ndipo ndikupempha achimwene anga amene mumabetcha kuti musataye ndalama ya ndiwo pa masewero amene kochi amasintha anthu 11 pa hafu. M'mawa ndikatsegula foni sindidzayamba ndi zigoli. Ndidzayamba ndafufuza ngati anyamata onse atuluka m'bwalo akuyenda okha.