Phanga la Lascaux lochita kupanga si "feki"

Ena akamva kuti ku Lascaux, m'dziko la France, alendo amalowa m'phanga lochita kupanga osati lenilenilo, amati kumeneko ndi kuberedwa dzuwa likuswa mtengo. Ine ndikukana.

Phanga lenilenilo, lomwe lili ndi zithunzi za nyama zimene anthu akalekale anajambula pamakoma, analitulukira anyamata anayi mu 1940, pafupi ndi tawuni ya Montignac. Linatsegulidwa kwa anthu mu 1948, koma mu 1963 boma linalitseka. Chinaliwononga ndi mpweya wathu womwewu. Tsiku limodzi munkalowa anthu oposa 1,000, aliyense akupuma, akutuluka thukuta, nsapato zitanyamula dothi lakunja. Kutentha ndi chinyezi zinakwera, ndere zobiriwira zinamera pamakoma, kenako zoyera ngati laimu zinayamba kukuta zithunzi zomwe zinakhala bwinobwino zaka pafupifupi 17,000. Mu 2001, atasintha makina oyendetsa mpweya, munabukanso chuku.

Ndiye anamanga lofanizira: Lascaux II mu 1983, mamita 200 kuchokera pa lenilenilo, kenako Lascaux IV mu 2016, lomwe likuonetsa pafupifupi phanga lonse. Apa ndi pomwe ndimawavulira chipewa. Pomanga Lascaux IV, anayeza makoma a phanga lenilenilo ndi kuwala kwa laser, n'kuumba zigoba zotsata bampu ndi mng'alu uliwonse, n'kuzikuta ndi ufa wa mwala. Zithunzizo akatswiri anazijambula pamanja. Mabampuwo ndi ofunika chifukwa ojambula akalewo ankasankha dala potukuka pa thanthwe kuti pakhale mimba kapena phewa la nyama. Pa chithunzi cha mufoni zimenezi sizioneka. Muyenera kuima pansi pa chithunzi cha ng'ombe yamphongo yotalika mamita oposa 5, khosi lili chagada.

Ngati mukupita, gulanitu tikiti pa intaneti, makamaka July ndi August, chifukwa amalowetsa anthu m'magulu pa nthawi yoikika. Tengani juzi, mkatimo muli zii ngati m'phanga lenileni. Musathamangire kutsogolo kwa gulu, dikirani maso azolowere mdima, ndipo kumbukirani kuti ojambula akalewo ankaunikira ndi nyale za mafuta a nyama, utoto wawo uli katondo, dothi lachikasu ndi manganese wakuda.

Kwathu ku Chongoni, ku Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala omwe UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, inawazindikira mu 2006, ndipo zenizenizo mumaziona maso ndi maso. Mukafikako, manja kumbuyo: osakhudza, osathira madzi kuti chithunzi chiwale, osalemba dzina lanu ndi khala.