Anagula munda, kodi anagulanso mtsinje?

Loweruka ndinatenga ana anga awiri kupita nawo kumudzi, ndati akaone dziwe la pa mtsinje wa Lutembwe pamene ine ndinaphunzirira kusambira. Mbedza tinagula kumsika kuno ku Chipata, nyongolotsi anakumba okha kuseri kwa bafa n'kuziika m'kachitini. Tikufika, kanjira kaja kulibe. Pali waya waminga, mizere inayi, mpaka kukalowa m'bango. Mlonda wa amene anagula malowo, mnyamata waulemu ndithu, anangoti, "Pepani atate, abwana salola." Wamng'ono uja n'kundifunsa ngati nsombazo nazonso n'za abwana. Ndinasowa chonena.

Sindikudana ndi munthu wokhala ndi famu ayi. Kuno ku Zambia lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mafumu asanduke a mapepala, zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomera. Chabwino. Koma lamulo la madzi la 2011 limati madzi a m'mitsinje ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse. Ndiye madzi n'ngathu, koma pokafikira pali loko? Kuli ngati kukugawira nsima ndiwo atatsekera m'kabati.

Ndikudziwa ena muti timaononga tokha. Zoona zimenezo. Taonani mmene mtsinje wa Lunkhwakwa wadzadzira mapulasitiki ndi matewera m'tauni muno. Mabotolo osweka, kutsuka magalimoto m'mbali mwa madzi, mitengo kuotcha makala. Mwini famu akamaopa, ndimamumva. Komatu wotaya zinyalala alipitsidwe iyeyo, osati kutsekera mudzi wonse, mpaka amayi amene achapira pa mwala womwewo chikwatiwire.

A ndalama sadandaula, Lachisanu amangoyatsa galimoto wa ku Mfuwe kukaona Luangwa ali pakhonde la loji. Mwana wa m'komboni ku Kapata kapena ku Mchini chisangalalo chake n'kukwera phiri la Kanjala, kutola masuku, kuwedza timatemba. Mukatseka zimenezi mwamusiyira chiyani, bala?

Anyakwawa ndi mafumu athu, ndapota nanu, musanasaine pepala yendani malire ndi mapazi, muone pamene anthu amatsikira kumadzi. Njirayo ilembedwe pamapu, ngakhale yongokwana ngolo imodzi. A khonsolo nawonso asadinde pepala lopanda njira yotere.

Nyongolotsi zija tinakathira nkhuku za agogo awo.