Bwanji kwathu mtengo wa chipatala timaumvera pa kauntala?

Mwezi watha achemwali anga anawatengera amayi ku chipatala china cha pulaiveti ku Lilongwe, polowa anangouzidwa ndalama yoonana ndi dokotala basi, kenako kuyeza magazi, sikani, dripu, mankhwala, pofika pa kauntala bilu yake mpaka anachita kundiimbira usiku kuno ku Joni kuti nditumize ndalama msanga. Palibe olo mmodzi anawauza kuti zonsezi zikwana zingati asanayambe. Zinandipweteka kwambiri chifukwa amayi anayamba kudziimba mlandu kuti akutivutitsa.

Kuno ku South Africa sikuti nkotchipa ayi, pulaiveti yakuno imadula koopsa ndipo zambiri zimafuna dipoziti usanagonekedwe. Koma lamulo lawo la zaumoyo la 2003, National Health Act, pa gawo 6 limati dokotala akuyenera kukufotokozera njira zothandizira zomwe zilipo, ubwino ndi kuopsa kwake, komanso mtengo wake, ndipo akuuze m'chilankhulo chomwe ukumva. Ndiye ukafunsa kotesheni sakuyang'ana ngati ukuchita mwano, ndi ufulu wako. Ngakhale kwa aphungu a zamaganizo umatha kufunsa kuti kukumana kamodzi ndi zingati, tikumana kangati, iwe nkuwerengetsa thumba lako. Nkhani ya uphunguyi ndiyofunika chifukwa si za tsiku limodzi, munthu amene ali kale ndi nkhawa ukamudzidzimutsa ndi bilu sabwereranso.

Anzathu a ku Zambia anadzera kwina, anakhazikitsa NHIMA, bungwe la boma la inshulansi ya zaumoyo, wapantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro bwana nkuwonjezera 1 peresenti, ndiye gawo lalikulu amadziwiratu pa mwezi. Nawonso amadandaula za mankhwala kusowa koma poyambira alipo.

Kwathu timati chipatala cha boma ndi chaulere, zoona, koma mankhwala akatha amakulembera kuti ukagule ku famase, mtengo ukauona konko. Za mishoni za CHAM ndi zolipira, za pulaiveti ndiye osanena, amene ali pa inshulansi ya zachipatala ya MASM naye amapezeka akuwonjezera ya m'thumba yomwe samayembekezera. Komanso ife tinakula tikuopa kufunsa adokotala za ndalama, timaona ngati nkupanda ulemu.

Amayi akubwereranso kukaonedwa sabata ya mawa. Achemwali ndawauza kuti asanavomere chilichonse apemphe awalembere papepala mtengo wa chinthu chilichonse, anditumizire pa WhatsApp tione kaye limodzi.