Chipale chofewa cha ku Joni ndi mbewu yodzala kawiri

Achimwene ena pa gulu lathu la WhatsApp atumizanso chithunzi chija cha pa 10 Julaye 2023, tsiku lomwe chipale chofewa chinagwa muno mu Joni. Pansi pake alemba kuti, "Ndiye akuti dziko likutentha? Amangotinamiza." Ndaseka nawo, koma nkhaniyi yakana kuchoka m'mutu.

Tsikulo ndikulikumbuka. Ndinali pa ganyu yosamalira maluwa ku Randburg, zala zitauma moti fosholo inkandipulumuka, anthu akuluakulu ali kalikiliki kujambulana ngati ana. Tinadabwa chifukwa zimachitika mwa apo ndi apo: tsikulo lisanafike, mumzinda muno chipale chinagwa komaliza mu Ogasiti 2012. Koma kuzizira kwa Joni si nkhani yachilendo. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa tauni ya Dedza yomwe kwathu timaiopa. Ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye mphepo yozizira ikachokera kumwera kudzera ku Cape n'kupeza chinyezi, mukuyembekeza chiyani? Kodi chiperoni chikagwira ku Thyolo mu Juni, alipo amati Okutobala sadzatentha?

Achimwene, ngati mukufuna kudziwa za kusintha kwa nyengo, siyani chithunzi cha tsiku limodzi, imbirani amayi kumudzi. Anga ali ku Chiradzulu. Tili ana, chizimalupsa chikadutsa ankadziwa kuti akonze makasu, mvula yodzalira ikubwera. Lero amadzala, chimanga chikangomera dzuwa limaswa mtengo milungu itatu, n'kudzalanso. Ikati ibwere, imabwera yonse pa kamodzi.

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kulowa mumdima. Mu Malichi 2023 Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira anthu ku Chilobwe ali m'nyumba zawo. Namondwe ameneyu anabadwira kufupi ndi Australia ndipo anakhala masiku 36, palibe wina wodziwika amene anakhalitsa chotero. Chaka chotsatira kunali chilala, Pulezidenti Chakwera n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi.

Apa ndisakunamizeni. Chilala cha 2024 chinadza ndi El Niño, kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific komwe kumasokoneza mvula kwathu, ndipo El Niño analipo kuyambira kale, sanayambe ndi utsi wa mafakitale. Anamondwe nawonso analipo, agogo athu ankati kwadutsa Napolo. Chimene chasintha n'chakuti mpweya ndi nyanja zatentha. Namondwe amadya madzi ofunda a m'nyanja, ndipo mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti. Chinyezi chimenecho chimakatsikira pa munda wa munthu. Komanso mitengo ya ku Soche sanadule ndi azungu ayi, tinadula tokha, enafe makala ake tinaphikira nsima.

Chimene chimandiluma kwambiri ndi ichi. Usiku wa Julaye ndimayatsa hita m'chipinda changa ku Rosettenville, magetsi ake ochokera ku malasha oyaka ku Mpumalanga. Amayi alibe ngakhale babu limodzi m'nyumba. Koma amene amadzala kawiri ndi iwo, ine ndili phee m'bulangete. Sindikunena kuti ndizimitse hita, ndingafe ndi chisanu cha kuno, koma pakamwa panga sipangatuluke mawu akuti zonsezi n'zabodza.

Achimwene ajambula chipale aja, inunso ndinakuonani pa mzere wa Mukuru mu Disembala. Munandiuza nokha kuti mukutumiza ya mbewu, yoyamba inapserera m'nthaka.