Inu oika mawailesi m'galimoto, dashibodi musamaimate ndi guluu

Ndili nanu mawu achimwene amene mumatiikira mawailesi, komanso eni galimoto anzanga amene nyimbo zikangolira timalipira osayang'ana kuti dashibodi yatsala bwanji.

Galimoto zambiri zochokera ku Japan, kaya ndi Vitz, Sienta kapena Probox, zimatsegulidwa dashibodi zikangofika kuno. Wailesi za kumeneko zimagwira FM kuyambira 76 kulekeza cha pa 90, pomwe nyumba zathu zambiri zoulutsira mawu zili kumtunda kwa 90 mpaka 108. Ndiye timasintha wailesi kapena kuikamo band expander, kachipangizo kothandiza wailesiyo kugwira nyumba zakumtundazo, ndipo panelo yozungulira wailesiyo iyenera kuyamba yachoka. Kuchotsa aliyense amachotsa. Mmisiri timamuonera pobwezera.

Paneloyo imagwidwa ndi timakilipu takuseri, tina tapulasitiki, tina tachitsulo tovekedwa pa timitu tapulasitiki. Mukaikoka, timakilipu tina timatsalira m'mabowo a dashibodi, tina timagwera m'kati. Munthu wapachangu saziona zimenezi. Amangokankha, kilipu yotsalira ija n'kupindika, kamutu n'kuthyoka, ngodya imodzi n'kutsala yotukuka. Kenako amatenga supagulu, kapena kuboola n'kulowetsa screw. Apa m'pamene pamandiwawa. Kuseri kwa paneloyo kumadutsa mawaya a mahazadi, a wotchi ndi a fani, ndiye screw yolowa mwachimbulimbuli ikhoza kukanda waya, n'kumadabwa kuti fyuzi ikupsa bwanji. Guluu naye amangosiyira vuto munthu wotsatira: tsiku lomwe fani idzafe, paneloyo sidzachoka popanda kuithyola, ndipo kupeza ina yofanana mtundu si nkhani yamasewera.

Komatu kuchita bwino sikutenga nthawi. Tembenuzani panelo muwerenge timitu, muwerengenso mabowo pa dashibodi. Kilipu yotsalira m'bowo itulutseni, muiveke pa kamutu kake, chifukwa iyenera kulowa ili pa panelo osati kuidikirira m'bowomo. Yachitsulo ikaphwatalala, itambasuleni pang'ono kuti igwirenso. Lumikizani mapulagi onse, yatsani galimoto, yesani mahazadi ndi fani panelo ikadali m'manja. Ngati ili ndi timbedza mbali imodzi, yambani mwakoleka timeneto, kenako muzikankha ndi chikhatho pomwe pali kilipu, imodziimodzi, mpaka mumve kuti "kha!" Ikakana, musaimenye chibakera. Pali waya wapanikizika kapena kilipu yaphonya bowo, itulutseni muone.

Ndikudziwa kuti si nthawi zonse pomwe kilipu imathyoka chifukwa cha kusasamala. Galimoto ya 2008 yawombedwa ndi dzuwa zaka zambiri, pulasitiki yake yauma, ndipo ngakhale mutakanula ndi chokanulira chapulasitiki m'malo mwa sikuludiraiva, kena kakhoza kuthyoka. Chomwe ndikupempha n'chakuti mutiuze. Nenani kuti bwana, makilipu awiri athyoka, tigule ena. Ifenso eni galimoto tisamanyinyirike ndi kandalama kameneko, chifukwa kunyinyirika kwathu n'komwe kumapangitsa mmisiri kubisa ndi guluu. Makilipu amapezeka m'mashopu a zipangizo zagalimoto, ndipo pogula nyamulani yakaleyo, poti amasiyana kukula. Ochotsedwa pa galimoto zakufa, ngati omwe mungapeze ku Ndirande, ayeseni kaye powapinda pang'ono. Ambiri amakhala ouma kale.

Kumbali ya wokwera kuli airbag, thumba lomwe limafufuma pa ngozi kuti liteteze munthu. Kumeneko ndiye guluu kapena screw asayandikireko n'komwe, chifukwa chivundikiro chake chinapangidwa kuti chitseguke pa ngozi. Ndipo musanakhudze mapulagi achikasu, omwe ndi a airbag, chotsani kaye batire.

Ine ndisanalipire ndimayendetsa chala m'mphepete monse mwa panelo kuti ndimve ngati pali potukuka, ndimadina mahazadi, kenako ndimamupempha mmisiriyo kuti tikayende limodzi pa msewu wafumbi wailesi itazimitsidwa. Kilipu ikasowa ngakhale imodzi, gwedegwede wake amamveka pa bampu loyamba.