Chindapusa sichibweza masewero amene awonongeka kale

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Loweruka kuti ndisalembe za nkhaniyi, koma kalata imene ndaiona ikuzungulira pa WhatsApp m'mawa uno yandiutsira mkwiyo wonse. Akuluakulu a ligi ya kuno kwathu alamula timu imene inabwera ngati alendo kuti ilipire chindapusa chifukwa chovala yunifomu yofanana mtundu ndi ya eni bwalo, ndipo anthu ena akuombera m'manja ponena kuti lamulo lagwira ntchito. Ine ndikukana kwamtuwagalu. Lamulo likanagwira ntchito, sitikanaona zochititsa manyazi zimene tinaona pabwalo paja, chifukwa ntchito ya lamulo limeneli ndi kuletsa kuti matimu awiri asalowe m'bwalo akufanana, ndipo chilichonse chochitika matimuwo atalowa kale ndi kutola zidutswa za mbiya yosweka.

Masewero amayenera kuyamba 2:30 masana. Ine ndi mlamu wanga tinafika nthawi yabwino, tinalipira pageti monga aliyense, n'kukhala pamalo athu a masiku onse. Matimu atangotulukira, bwalo lonse linang'ung'udza nthawi imodzi. Eni bwalo anavala jezi zofiira, makabudula oyera ndi masokosi ofiira. Alendo anavala jezi zofiira moderako zimene zinasuluka ndi kuchapa mpaka kuyandikira kufiira kwa anzawowo, makabudula awo anali oyera, ndipo masokosi awonso anali ofiira. Akuluakulu a alendo anaumirira kuti mtundu wawo ndi maruni ndipo alibe jezi zina m'basi, pamene a eni bwalo anati pakhomo pawo sangavule yunifomu chifukwa cha munthu wobwera. Anthu akuluakulu, ena a imvi kumutu, anaima pakati pa bwalo akulozana zala kwa nthawi yoposa theka la ola, ife tikupsa ndi dzuwa, mpaka woyimbira anatopa n'kulamula kuti mpira uyambe choncho.

Chimene chikundiwawa kwambiri chinachitika pasanapite nthawi. Mnyamata wotchinga kumbuyo wa eni bwalo, mwana amene ndamuona akusewera mosamala chaka chonsechi, analandira mpira ali pampanipani, anadzutsa mutu kamodzi, anaona kufiira kumanzere kwake mkati mwa fumbi, n'kuupereka komweko. Amene anaulandira anali womwetsa zigoli wa alendo, ndipo anangotsala awiri ndi goloboyi. Chigoli chitalowa, mnyamata uja anagwada pansi manja ali kumutu, ndipo ochemerera a timu yake yomwe anamutukwana, mpaka kutchula mayi ake amene sanali n'komwe pabwalopo. Ndikufunsa inu amene mwasayina kalata ija: chindapusa chanucho chichotsa chigoli chimenecho? Chibweza mawu amene mwana uja anamva? Madzi akatayika saoleka.

Wothandizira woyimbira wa kumbali yathu naye anavutika poyera. Kawiri konse anakweza mbendera ya ofusayidi n'kuitsitsanso mwamanyazi atazindikira kuti amene amamuyesa womwetsa zigoli anali wotchinga kumbuyo. Munthu ameneyu amaweruza poyang'ana mzera wa miyendo ndi mapewa ali patali, m'kuphethira kwa diso, ndiye mukam'patsa masokosi ofiira makumi anayi mukuyembekezera kuti aona chiyani? Pamapeto pake woyimbira anaimitsa masewero, ndipo anatuma mnyamata wa kabaza kukatenga mabibu ochitira mapulakatisi. Anabwera nawo obiriwira, opanda manambala, ena ong'ambika m'khwapa. Alendo atawavala, mlamu wanga, amene maso ake sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira chibadwire, anandikodola n'kunena kuti, "Alamu, kodi asinthadi? Ine ndikuona chimodzimodzi." Mpira unatha kutayamba kale mdima pabwalo lopanda magetsi, anthu akuthamangira maminibasi omaliza.

Lamulo la nkhaniyi si lachilendo, ndipo silinalembedwe dzulo. M'buku la malamulo a mpira limene bungwe la IFAB limasunga, lamulo lachinayi limanena momveka kuti matimu awiri ayenera kuvala mitundu yowasiyanitsa wina ndi mnzake komanso yowasiyanitsa ndi oyimbira, ndiponso kuti goloboyi aliyense avale mtundu wosiyana ndi osewera ena onse ndi oyimbira. Lamuloli limafika mpaka pa tepi imene osewera amamata pa masokosi, kuti ikhale ya mtundu wa sokosi yomweyo. Ngati olemba malamulo anaganizira kachinthu kochepa ngati tepi, zikutheka bwanji kuti ife tilephere kuona jezi yathunthu mpaka itafika pakati pa bwalo? Pa masewero a CAF ndi FIFA pamakhala msonkhano wokonzekera mpira usanachitike, pomwe matimu amaonetsa jezi, kabudula, masokosi ndi zovala za goloboyi pamaso pa komishonala wa masewero, ndipo mkangano ulionse umathera m'chipinda momwemo. Chimenechi sichifuna ndalama. Chimafuna tebulo, maso, ndi munthu mmodzi wosamala ntchito yake.

Ndikudziwa kuti ena anena za umphawi, kuti matimu ang'onoang'ono alibe owathandiza ndipo yunifomu ndi yodula, ndipo sindikutsutsa. Koma umphawi suletsa munthu kuimba foni. Aliyense wa akuluakulu amene ankakangana pabwalo paja anali ndi foni m'thumba, ndipo onsewo ali m'gulu limodzi la pa WhatsApp momwe amatumizirana ndandanda wa masewero. Lachinayi wina akanajambula jezi yake n'kutumiza, mnzake n'kuyankha kuti zikufanana, ndiye masiku awiri akanakwana kubwereka yunifomu ku timu ina kapena kugwirizana kuti eni bwalo avale yawo yachiwiri. Palibe anafunsa mnzake. Safunsa anadya phula, koma chopweteka apa n'chakuti phulalo tadya ndife amene tinalipira pageti, pamodzi ndi ana amene anakhetsa thukuta pachabe.

Ndipo tisamangouzana mayina a mitundu pakamwa, chifukwa mawu amanamiza. Wina akati tivala buluu, pali buluu wa Mighty Wanderers ndi buluu wowala ngati thambo wa Silver Strikers, ndipo Blue Eagles nayo dzina lake lomwe likunena mtundu wake. Aliyense wotsata mpira wa m'dziko muno amadziwa kuti matimu ovala mitundu yoyandikana ndi ambiri, kotero kufanana kwa yunifomu si ngozi yogwa mwadzidzidzi ngati mphezi. Ndi chinthu chooneka chikali kutali, tsiku lomwe ndandanda wa masewero watuluka. Taganizirani chimene chimakometsa maso pa Kamuzu Stadium pamene Nyasa Big Bullets yakumana ndi Wanderers: uku kufiira, uku buluu, m'bwalo ndi m'masitandi momwe, moti ngakhale gogo wokhala pamwamba penipeni safunsa kuti wathu ndi uti. Umenewo ndiwo ufulu wa munthu aliyense woonera mpira, kaya ali mu mzinda kaya pabwalo la fumbi la kumudzi.

Wina wandilembera kale kuti zoterezi zinachitikapo ngakhale pa mpikisano wa dziko lonse. Zoona. Mu 1978 ku Argentina, mumzinda wa Mar del Plata, France ndi Hungary onse anatulukira atavala zoyera, masewero anachedwa kuyamba, ndipo France inabwereka jezi za mizere yobiriwira ndi yoyera za Kimberley, timu ya mumzinda womwewo. Koma onani chimene anachita: sanayambe mpira mpaka matimu atasiyana, ndipo kufikira lero nkhaniyo imakumbukiridwa ngati cholakwa chachikulu cha okonza zinthu. Nthawi imeneyo kunalibe foni ya m'thumba yojambula zithunzi. Ife tili nazo, ndiye tikufuna kubisala kumbuyo kwa cholakwa cha 1978?

Enanso amaganiza kuti nkhani ya mtundu ndi ya kukongola chabe, yosakhudza zotsatira za masewero. Mu 1996 Manchester United inapita kukasewera ndi Southampton itavala yunifomu yotuwa, ndipo pofika nthawi yopuma inali itachinyidwa 3-0. Mphunzitsi wawo, Alex Ferguson, analamula osewera kuti asinthe n'kuvala ya buluu ndi yoyera, ponena kuti samaonana bwino m'bwalo. Masewerowo anatha 3-1, ndipo yunifomu yotuwa ija sanaivalenso. Ngati akatswiri ngati amenewo, pa kapinga wosalala, anadandaula kuti sakutha kuona anzawo, nanga bwanji mwana wosewera m'fumbi dzuwa litapendeka, mdani wake atavala kufiira kofanana ndi kwake? Wosewera mpira sakhala ndi nthawi yoyang'ana nkhope. Amaona mtundu pakona ya diso n'kumenya mpira. Mukam'landa mtunduwo mwam'landa maso.

Za mlamu wanga ndisazisiye m'malere, chifukwa si iye yekha. Akatswiri amanena kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa amuna 12 alionse ali ndi vuto losiyanitsa mitundu, ndipo ambiri mwa iwo amavutika ndi chofiira ndi chobiriwira. Werengani amuna amene amadzaza bwalo, onjezerani osewera 22 ndi oyimbira, muone kuti ndi anthu angati amene mabibu obiriwira aja sanawathandize kalikonse. Ku Italy, ligi ya Serie A inalengeza mu 2021 lamulo loletsa yunifomu zobiriwira kwa osewera a mkati kuyambira nyengo ya 2022, pofuna kuti osewera azioneka bwino pa kapinga ndi pa kanema, ndipo inapereka chaka chathunthu kuti matimu akonzeke. Munthu angathe kutsutsana nalo lamulo limenelo, koma taonani nthawi imene analinena. Analinena zinthu zisanachitike. Sanadikire kuti masewero awonongeke kenako n'kutulutsa kalata ya chindapusa Lachitatu.

Ndipo ndalama ya chindapusayo ikupita kuti? Ikulowa m'thumba la ligi yomweyo imene inalephera kufunsa matimu za yunifomu zawo. Ndiye kuti amene anagona pa ntchito ndi amene akulandira, pamene mayi amene anasiya geni yake kuti adzaone mwana wake akusewera sabwezeredwa ngakhale tambala. Kumeneku n'kulanga kotani? Timu ya alendo inalakwa, ilipire ndithu, sindikuiikira kumbuyo. Koma komishonala amene anafika pabwalo mochedwa osaona zovala, iye walipira chiyani? Mlembi wa ligi amene alibe ngakhale chithunzi chimodzi cha yunifomu za matimu amene iye mwini anawalembetsa, walipira chiyani? Woyimbira amene anaona ndi maso ake kuti matimu akufanana koma n'kuimba wezulo yoyambitsa mpira chifukwa chotopa ndi phokoso, ndani wam'funsa? Chilango chagwera mbali imodzi yokha chifukwa ndi yosavuta kuiloza, ndipo enawo apukuta pakamwa ngati sanadye nawo.

Inu akuluakulu a ligi, ndikukupemphani ndi ulemu wonse koma mtima uli wowawa. Nyengo isanayambe, timu iliyonse ipereke zithunzi za yunifomu yake yoyamba ndi yachiwiri, kuyambira jezi mpaka masokosi, ndi za goloboyi zomwe. Timu imene ili ndi yunifomu imodzi yokha inene poyera, kuti podzakumana ndi yofanana nayo mudziwiretu chochita. Kukatsala masiku awiri, munthu mmodzi wodziwika ndi dzina atsimikize mitundu ya masewero alionse, ndipo zikadzasokonekera, ameneyo ndiye adzayambe kuyankha. Mulembenso momveka kuti mitundu ikafanana amene asinthe ndani, kuti tisadzaonenso madoda akukangana pakati pa bwalo ngati nkhaniyo ikuyamba kumene tsiku limenelo. Chindapusa chikhalepo cha amene wauzidwa n'kukana dala. Chisakhale nsalu yophimbira ulesi wa mu ofesi.

Popeza ndayamba, ndinenenso za manambala, chifukwa matenda ake ndi omwewo. Loweruka lomwelo, alendo atavala mabibu aja, woyimbira anapereka khadi lachikasu kwa wosewera wina ndipo anachita kum'kweza bibu kumsana kuti aone nambala. Wosewera yemweyo atachitanso chipongwe m'chigawo chachiwiri, bwalo lonse linakuwa kuti ndi yemwe uja, koma woyimbira anakayika chifukwa kunali kutada ndipo onse amaoneka mofanana, n'kumusiya. Ngakhale masiku amene mitundu yasiyana bwino, timaona jezi zimene manambala ake anamatuka n'kutsala chithunzithunzi, zina zolembedwa ndi choko, zina nambala yakuda pa nsalu ya buluu woderako imene sungaiwerenge ngakhale utaima pamzera. Mwezi wathawu ndinaona osewera awiri a timu imodzi onse atavala nambala 7, ndipo anasewera choncho mpaka mpira kutha.